Mmene Mungachepetsere Phokoso la Zala pa Nsambo za Besi

Aliyense amene wagwira gitala ya besi kwa miyezi ingapo amakadziwa kaphokoso aka. Mukuchoka pa G wa fureti yachitatu (mafureti ndi timipata ta pakhosi la gitala tolekanitsidwa ndi tizitsulo) kupita pa C wa fureti ya 8, ndiye pakati pa manoti awiriwo pamveka kakuti tswii, ngati mbewa yapanidwa ndi chitseko. Bandi yonse ikamalira, ng'oma ndi kiyibodi zimakaphimba. Koma ikafika nthawi yoti oimba atsitse mawu, wotsogolera akulankhula chapansipansi, besi ndi kiyibodi zokha zikuyenda, kaphokosoko kamatulukira poyera mpaka okhala kumbuyo kwa tchalitchi nkukamva.

Ine ndinakamva bwinobwino tsiku langa loyamba kujambula mu situdiyo. Wojambula anazimitsa zida zina zonse nkusiya besi yokha m'mahedifoni. Manoti anali olondola, nthawi inali yolondola, koma paliponse pamene dzanja linasuntha panali tswii, khwee, tcha. Zinandipweteka, chifukwa nyimboyo ndinali nditaikonzekera milungu iwiri. Chimene ndinaphunzira pambuyo pake nchakuti muzu wa vutoli uli m'manja. Kutsitsa treble, mawu akuthwa a pamwamba aja, ndi kugula nsambo zina kumathandiza ndithu, ndipo tifikako, koma amene ayambira kumeneko amangobisa chilonda ndi nsalu. Nchifukwa chake malangizowa akuyambira ku zala, kenako gitala, kenako ampu (bokosi lokuzira mawu), nsambo zatsopano kumapeto.

Yambani ndi kudziwa kuti ndi phokoso liti

Nsambo zambiri za besi masiku ano ndi zimene amazitcha roundwound. Mkati muli waya wowongoka, ndipo pamwamba pake akulungapo waya wina wobulungira kuchokera kumutu mpaka kumchira. Mukaiyang'anitsitsa muona timizere tambirimbiri togundizana. Chala chikamayenda pa timizere timeneti chimachita zomwe chikhadabo chimachita mukachiyendetsa pa mano a chipeso. Pickup, kachipangizo kotola mawu kamene kali pansi pa nsambo, ndi maginito, sasankha. Kugwedezeka kulikonse kwa nsambo amakutumiza ku ampu, kaya ndi noti kaya ndi kukwecha.

Chothandiza nchakuti noti ndi phokosoli sizikhala malo amodzi. Nsambo yaikulu ya E imagwedezeka pafupifupi ka 41 pa sekondi, ya A ka 55, ya D ka 73, ya G ka 98. Kulira kwa chala kumakhala kumtunda kwambiri, makamaka pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz, kutanthauza kugwedezeka pa sekondi. Sungani mfundo imeneyi, idzagwira ntchito tikafika pa ampu.

Tsono khalani pansi, kwezani dala treble ya gitala ndi ya ampu, ikani foni pafupi ndi sipika, mujambule nyimbo imodzi imene mumaidziwa ngati dzina lanu. Imbani pang'onopang'ono. Pomvetsera, siyanitsani zinthu zinayi: tswii wa chala chokhwekhwerezeka posamuka, tcha-tcha wa nsambo yomenya mafureti mukaikoka, kung'ung'udza kwa nsambo zina zimene simunazikhudze nkomwe, ndi bzz wa noti imene sinakanikizidwe bwino. Chilichonse chili ndi mankhwala ake. Anthu ambiri amadabwa kupeza kuti chimene amachitcha phokoso la zala, theka lake ndi nsambo zosagwidwa zikulira zokha.

Chepetsani mphamvu ya dzanja la pakhosi

Ndinena dzanja la pakhosi (logwira khosi la gitala) ndi dzanja lokoka nsambo, kuti amanzere nawonso atsatire bwino.

Ikani chala chamkombaphala pa nsambo ya A, fureti yachisanu, mongokhudza osakanikiza. Kokani nsamboyo. Mumva du, wopanda noti. Pitirizani kukoka uku mukuwonjezera mphamvu pang'onopang'ono kwambiri. Poyamba pamveka bzz, kenako mwadzidzidzi noti ya D ituluka yoyera. Imani pomwepo. Mphamvu imeneyo ndi yonse imene noti imafuna. Yerekezani ndi mmene mumafinyira masiku onse, mupeza kuti mumawirikiza kawiri kapena katatu. Chala chofinya chotero sichingachoke pa nsambo msanga. Chimayamba ulendo chisanamasuke, ndiye chimakwecha.

Malo oyika chala nawo ndi nkhani. Chikhale kuseri kwenikweni kwa kachitsulo ka fureti, osati pakatikati pa mpata, osatinso pamwamba pa kachitsuloko. Chikakhala kutali, nsambo imanjenjemera pa kachitsulo ndipo inu mumawonjezera mphamvu kuti bzz athe, pomwe kungosendeza chala pang'ono kukanathetsa.

Chala chachikulu chikhale kumbuyo kwa khosi, moyang'anizana ndi chala chapakati, chongotsamira. Yesani kuimba mphindi imodzi chitachokeratu pakhosi, gitala mutaigwiriza ndi mkono wa dzanja lokoka. Sikuti muziimba chonchi nthawi zonse, koma thupi limaphunzirapo kuti noti imatheka popanda kukanyanga khosi ngati mpini wa khasu. Onaninso lamba. Besi ikalendewera kumaondo, dzanja limapindika moipa ndipo limafinya lokha. Fupikitsani lambayo kuti gitala ikhale pamene imakhala mukakhala pampando.

Kusamuka: masulani, nyamukani, terani

Apa ndi pamene pali nkhani yonse, choncho musafulumire.

Kusamuka kwabwino kuli ndi magawo atatu, ndipo ambiri amadumpha loyamba. Gawo loyamba ndi kumasula: mumachotsa mphamvu kuti nsambo ichoke pa kachitsulo ka fureti, koma chala chidakali chokhudza. Noti imafera pomwepo mwakachetechete. Gawo lachiwiri ndi kunyamuka: chala chimachoka pa nsambo molunjika m'mwamba, mpata wongokwana pepala kapena awiri, kenako dzanja lonse limasuntha. Gawo lachitatu ndi kutera: chala chimatsikira pa fureti yatsopano molunjika pansi, panthawi yomwe dzanja lokoka likukoka.

Mukadumpha kumasula nkungochotsa chala mwadzidzidzi, nsambo yopanda chala imalira yokha, ndipo mwathetsa tswii nkubweretsa phokoso lina. Mukamasula koma osanyamuka, chala chimayenda chikukhudza pang'ono, ndipo kukhudza kwa theka kumeneku ndiye mayi wake wa tswii. Ndikutsindika chifukwa ambiri amaganiza kuti akangofewetsa chala ndiye kuti zatha. Ayi, chala chofewa chokhwekhwerezeka chimalirabe.

Yeserani motere. Tsegulani metronome, kachipangizo kogunda nthawi, pafoni, muike pa 60. Pa nsambo ya E, imbani G wa fureti yachitatu kwa kugunda kuwiri. Pa kugunda kwachitatu masulani, pa kwachinayi nyamukani nkusuntha, ndipo pa kugunda koyamba kotsatira terani pa C wa fureti ya 8. Bwererani chimodzimodzi. Poyamba pakhala mpata waukulu wa chete pakati pa manoti, musade nawo nkhawa. Mukachita kakhumi popanda tswii, gwirani noti kwa kugunda kutatu, magawo atatu aja akwane m'kugunda kumodzi. Kenako katatu ndi theka. Mpata uja uzicheperachepera mpaka khutu silikuuzindikiranso, koma sumatheratu, ndipo sukuyenera kutha. Oimba besi abwino amadula noti kanthawi kochepa kwambiri isanathe kuti apeze nthawi yosamuka, ndipo kampata kameneko ndi kamene kamapatsa nyimbo mpweya.

Posuntha, ulendo uyambire ku chigongono, osati ku zala. Dzanja lonse, pamodzi ndi chala chachikulu, liziyenda ngati chinthu chimodzi. Chala chachikulu chikatsalira kumbuyo, chimakoka zinzake nkuzigwetsera pa nsambo. Maso ayang'ane fureti imene mukupita, osati imene mukuchoka.

Samalaninso zala zimene sizikugwira noti. Nthawi zambiri chala choimba chimanyamuka bwino, koma chamkombaphala chimene chagona pa nsambo zinayi zonse chimakhwekhwerezeka nkumalira. Posamuka patali, zala zonse zinyamuke, ntchito yotontholetsa nsambo muisiyire dzanja lokoka kwa kanthawi kameneko.

Pali malo ena othamanga kumene kunyamuka sikutheka. Pamenepo gonekani chala pang'ono kuti chiyende pa mnofu wofewa wa kuseri kwa nsonga, osati pa khungu lolimba la kunsonga. Khungu lolimbalo likauma nkuchita timingalu limagwira timizere ta nsambo ngati fayilo. Litsetsetseni mofatsa ndi mwala wokwechera mapazi mukatha kusamba, kungochotsa zokhakhala zapamwamba. Musalichotse lonse, chifukwa ndi lomwe limakutetezani ku matuza.

Musamayende ulendo wosafunika

Tanena zochoka pa G kupita pa C wa fureti ya 8, koma C yemweyo ali pa nsambo ya A, fureti yachitatu, pansi penipeni pa G uja. Dzanja silikusowa kusuntha nkomwe. Besi imachunidwa mwakuti noti iliyonse imapezekanso pa nsambo yotsatira yocheperako, mafureti asanu kubwerera kumutu. Amene anaphunzira okha nthawi zambiri amayenda ndi chala chimodzi pa nsambo imodzi, kukwera ndi kutsika khosi lonse, ndipo sitepe iliyonse ndi mwayi wa tswii.

Tengani nyimbo ya kwaya ya mu kiyi ya G. Manoti amene mumawafuna kwambiri ndi G, C, D ndi E. Ikani chala chapakati pa G, fureti yachitatu ya nsambo ya E. C ali pa fureti yomweyo pa nsambo ya A. D ali pa fureti yachisanu ya A, kachala kakumapeto kamafika. E ali pa fureti yachiwiri ya nsambo ya D, pansi pa chamkombaphala. Nyimbo yonse yatha dzanja lili malo amodzi. Kalembedwe ka zala kameneka mukhoza kukanyamula nkukaika pa kiyi ina iliyonse.

Ngati zala zanu nzazifupi, kumafureti oyambirira kumene mipata ndi yaikulu gwiritsani ntchito zala zitatu pa mafureti atatu: chamkombaphala, chapakati ndi chakumapeto, chala chovala mphete chikungothandizira. Ndi mmene oimba besi yaikulu yoimika pansi amagwirira, ndipo dzanja silitopa.

Njira ina yokoma ndi kusamukira pa nsambo yopanda chala. Ngati mzere wanu ukudutsa pa A kapena D, imbani notiyo osagwira fureti, ndipo pamene ikulira dzanja lili mfulu kuuluka kupita kumene likufuna popanda kukhudza kanthu.

Dzanja lokoka lili ndi ntchito ziwiri

Yoyamba ndi kukoka. Chala chidutse pa nsambo nkukapumira pa nsambo yaikulu yoyandikana nayo. Mukakoka D, chala chikaime pa A. Musakokere m'mwamba ngati mukuzula udzu, chifukwa nsambo ikabwerera imamenya mafureti, ndi tcha-tcha uja. Musaikankhirenso pansi mwamphamvu kuloza kuthupi la gitala. Zikhadabo za zala ziwiri zokokera zikhale zazifupi zedi. Chikhadabo chongotulukira pang'ono chimawonjezera kakuti tik pa noti iliyonse.

Pankhani ya mphamvu pali msampha. Mudzamva malangizo akuti kokani mofewa, ampu igwire ntchito. Ndi oona pa tcha-tcha, koma mukafewetsa mopitirira nkukweza voliyumu kwambiri, mwakwezanso tswii wa dzanja linalo, chifukwa iye sanachepe. Chimene mukufuna nchakuti noti ikhale yaikulu poyerekeza ndi phokoso. Kokani molimba bwino, mofanana noti iliyonse, kufika pafupi ndi pamene nsambo iyamba kumenya mafureti, koma osapitirira.

Malo okokera amasinthanso mawu. Pafupi ndi bridge, chitsulo chogwira nsambo kumchira kwa gitala, mawu amakhala owuma ndi akuthwa. Kusendera kukhosi amakhala onenepa, ndipo noti yonenepa imaphimba zambiri.

Ntchito yachiwiri ndi kutontholetsa. Mukamaimba pa G, nsambo za E ndi A zimayamba kung'ung'udza zokha chifukwa gitala yonse ikugwedezeka. Ambiri amakhomerera chala chachikulu pa pickup osachisuntha, ndiye nsambo zazikuluzo zimakhala zopanda mbusa. Chiphunzitseni kuyenda. Mukamaimba pa E chikhale pa pickup. Pa A chitsikire pa E. Pa D chikhale pa A uku mbali yake ikukhudza E. Pa G chigone modutsa pa E ndi A, pomwe D akutontholetsedwa ndi chala chokoka chikamapumirapo. Nsambo zocheperako kuposa imene mukuimba ndi udindo wa dzanja la pakhosi: chamkombaphala chigone pang'ono nkuzikhudza ndi mimba yake. Amene muli ndi besi ya nsambo zisanu, B wamkulu uja ndi wosamva. Mukangomuiwala amang'ung'udza nyimbo yonse.

Poyeserera, imbani noti imodzi pa nsambo iliyonse, kuchokera pa E mpaka G ndi kubwerera, ndipo mukatha noti iliyonse imani mumvetsere. Pazikhala zii.

Manja ndi nsambo zikhale zoyera

Sambani m'manja musanagwire gitala, koma mupukute ndi kudikira mphindi zingapo kuti muume. Khungu lonyowa kumene limamatirira pa chitsulo ndipo limalira kwambiri. M'miyezi yotentha ya October ndi November thukuta limachita zomwezo, choncho kansalu kouma kazikhala pa ampu, muzipukuta zala pakati pa nyimbo.

Mukatha kuimba, pisani kansalu pansi pa nsambo iliyonse, muitsine, muyendetse kuchokera ku bridge mpaka kumutu. Mchere wa thukuta ndi fumbi zikaumira m'timizere, nsambo imakhakhala nkuyamba dzimbiri. Kamodzi pa kanthawi nyowetsani kansaluko ndi sipiriti pang'ono, koma asadonthere pathabwa kapena pa penti.

Alipo mankhwala opangidwira kuterereretsa nsambo, monga Fast Fret wa kampani ya GHS, ndipo amathandiza. Oimba ena akale amangopaka nsonga za zala m'mbali mwa mphuno, pamene khungu limakhala ndi timafuta, ndipo pa nyimbo imodzi kapena ziwiri zimagwira ntchito. Mafuta ophikira ndi Vaseline musayerekeze. Amalowa m'timizere, amakola fumbi, nsambo nkufa msanga.

Dziwaninso kuti nsambo zatsopano ndi zimene zimalira kwambiri. Ngati muli ndi tsiku lojambula kapena mwambo waukulu, musaziike dzulo lake. Ziikeni sabata imodzi kapena masabata awiri zisanachitike, muziimbe tsiku lililonse kuti ukali uja utsike. Chimodzimodzi amene amawiritsa nsambo zakale m'madzi: zimabwereradi kuwala kwa masiku ochepa, koma tswii amabwerera nazo limodzi, ndipo zikapanda kuuma bwino zimachita dzimbiri mkati.

Onani mmene gitala yakhalira

Nsambo zikatalikirana kwambiri ndi khosi, mufuna musafune mufinya. Zikatsika kwambiri, zimamenya mafureti ngakhale mukoke mofatsa. Tengani rula, muyeze pa fureti ya 12 kuchokera pamwamba pa kachitsulo kufika pansi pa nsambo. Poyambira pabwino ndi pafupifupi mamilimita awiri ndi theka pa E, ndi awiri pa G. Amakweza kapena kutsitsa ndi timasikuluwu ta pa bridge.

Kenako onani kupindika kwa khosi. Kanikizani E pa fureti yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, muyang'ane mpata pa fureti ya 7 kapena 8. Uzikhala wochepa kwambiri, ngati kunenepa kwa kakhadi kopyapyala. Ukakhala waukulu kapena kulibiretu, ndiye kuti chitsulo cha mkati mwa khosi, truss rod, chikufuna kupotokola. Apa ndikupemphani kusamala. Amapotokola gawo limodzi la magawo anayi a mzungulo, nkuchuna, nkudikira. Chikalimba musachikakamize, chifukwa chikathyoka khosi latha. Ngati simunachitepo, pitani nayo kwa munthu amene amakonza magitala, muone mmene akuchitira.

Pickup nayenso asayandikire kwambiri. Kanikizani nsambo pa fureti yomaliza, mpata pakati pa nsambo ndi pickup ukhale pafupifupi mamilimita atatu. Akayandikira mopitirira, nsambo imatha kumugunda mukakoka molimba, phokoso lake nkukhala ngati mwala pamalata.

Pali kanjira kotchipa kamene ndimakakonda kwambiri. Dulani kachidutswa ka siponji, mukapise pansi pa nsambo zonse moyandikana ndi bridge, kongokhudza osafinya. Noti imafupika pang'ono, zowalawala za pamwamba zimachepa, kung'ung'udza kumatsika. Magitala akale a Fender Precision ankabwera ndi siponji yotere pansi pa chivundikiro cha bridge, ndipo James Jamerson, amene anaimba besi m'nyimbo zambiri za kampani yojambula nyimbo ya Motown ku Detroit m'zaka za m'ma 1960, ankaisiya pomwepo. Siponji ikakhala yonenepa kwambiri imakankha nsambo nkusokoneza machunidwe, choncho chunaninso mukaika. Kumutu kwa gitala mukhoza kuzengereza kansalu kofewa kapena kalamba komangira tsitsi, monga amachitira woimba besi wotchuka Victor Wooten. Mukakasendezera pa fureti yoyamba kamatontholetsa nsambo zosagwidwa. Koma poyeserera kunyumba zichotseni zonsezi, kuti manja aphunzire ntchito yawo.

Tsopano ampu ndi mikisa

Kumbukirani kuti phokoso la zala lili pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz. Cholinga ndi kudula pamenepo osapha noti.

Yambirani pa gitala. Ngati ndi yosagwiritsa batire, bwezani kopotokola ka tone mpaka theka, mumvetsere. Ngati ndi ya batire, treble ibwerere pakati kapena kutsikirapo pang'ono. Ambiri amatsegula zonse mpaka kumapeto poganiza kuti ndiye mphamvu. Ngati ili ndi ma pickup awiri, pendekerani kwa wa kukhosi, chifukwa wa ku bridge ndi amene amatola zakuthwa.

Pa ampu ikani zonse pakati kaye. Tsitsani treble ndi high mid (mawu apakati a kumtunda) pang'onopang'ono uku mukukhwekhwereza dala chala pa nsambo, mpaka tswii afooke. Mabokosi ambiri a sipika za besi ali ndi kasipika kakang'ono ka mawu akuthwa, tweeter, ndipo ena kumbuyo kwake kuli kopotokola kochepetsera. Katsitseni, nthawi zambiri ndi komwe kamalalatira.

Musakhudze kwambiri mawu apakati a kumunsi ndi a m'ma 700 mpaka 1,000 Hz. Amenewo ndi amene amachititsa kuti munthu amve kuti mwaimba C osati D. Vuto lofala ndi kukweza bass, kukweza treble, nkudula mid. Mukakhala nokha zimakoma, koma mu bandi noti imasowa, kumangotsala kugunda kwa pansi ndi tswii wa pamwamba.

Compressor imatsitsa zofuula nkukweza zonong'ona, ndipo phokoso la zala lili m'gulu la zonong'ona. Mukaifinya kwambiri, tswii amafika msinkhu umodzi ndi noti. Overdrive, chida chokalipitsa mawu, amachitanso chimodzimodzi. Ngati muli nazo, zichepetseni muone kusiyana.

Kumatchalitchi ambiri besi imalowa mu mikisa kudzera pa DI, kabokosi kolumikizira gitala molunjika ku mikisa, nkutulukira m'masipika akuluakulu omwe amatulutsa zakuthwa zonse zimene ampu yanu ikanabisa. Lankhulani ndi wa pa mikisa mwambo usanayambe, mwaulemu, mumupemphe atsitse high pa chanelo yanu. Ngati mikisa ndi ya digito, akhoza kuika low-pass filter, yodula mawu onse a pamwamba, pafupi ndi 5,000 Hz nkumatsitsa mpaka mutagwirizana. Mu situdiyo ena amagwiritsa de-esser, chida chochepetsera ma "s" a oimba, chimene chimagwira tswii pokhapokha akamveka nkusiya zina zonse.

Ngati mwaganiza zosintha nsambo

Pamene Fender Precision Bass inatuluka mu 1951, nsambo za besi zinali flatwound, zokulungidwa ndi waya wophwatalala, zosalala ngati galasi. Za roundwound zinatchuka pambuyo pake, kampani ya Rotosound ya ku England itatulutsa Swing Bass m'zaka za m'ma 1960 mogwirizana ndi John Entwistle wa gulu la The Who, amene ankafuna mawu owala ngati a piyano. Tswii anabwera limodzi ndi kuwala kumeneko.

Pakati pa roundwound zomwezo pali kusiyana. Za stainless steel nzokhakhala ndi zowala kwambiri. Za nickel nzofewerapo kuchala ndi kukhutu. Kungochoka ku steel kupita ku nickel kumathandiza ambiri. Zokutidwa ndi kachikopa kopyapyala, monga za Elixir, zimaterera ndiponso sizifa msanga ndi thukuta. Half round ndi zimene anazipala pamwamba kuti timizere tiphwatalale, zili pakatikati. Kenako flatwound, monga za La Bella zimene Jamerson ankagwiritsa ntchito kapena Chromes za D'Addario, pamene tswii amangotsala pang'ono kutheratu. Za tapewound, zokutidwa ndi nayiloni wakuda, ndi zachete kuposa zonse ndipo mawu ake amayandikira a besi yaikulu yathabwa.

Kwa woimba reggae, nyimbo za kwaya kapena zauzimu zofatsa, ine ndimalimbikitsa flatwound ndi mtima wonse. Nzodulirapo pogula, koma zimakhala zaka, ndipo zikamakalamba mawu ake amangokoma. Kwathu kuno kumene nsambo za besi sizipezeka m'sitolo iliyonse ndipo nthawi zina timachita kutumiza munthu wopita ku Johannesburg, zimenezi nzowerengera. Musaganize kuti nzofooka: Steve Harris wa gulu la Iron Maiden amaimba nyimbo zaukali ndi flatwound za Rotosound. Koma ngati mumakonda slap, kumenya ndi chala chachikulu nkukoka G kuti ilire pa, flatwound sizikupatsani kuwala kumene mukufuna. Khalani pa nickel roundwound, mulimbikire manja.

Pogula onani kutalika. Mabesi ambiri ndi a mainchesi 34 kuchokera ku nut, pamene nsambo zimatsamira kumutu, kufika ku bridge, ndipo paketi imalembedwa long scale. Pa flatwound, gawo lopyapyala la kumapeto lokutidwa ndi ulusi ndi lomwe liyenera kuzungulira pa chochunira. Gawo lonenepa likazungulira likhoza kuthyoka. Zambiri mwa izo zimakoka khosi kwambiri kuposa roundwound za saizi yomweyo, choncho pakapita masiku awiri kapena atatu yezaninso kupindika kwa khosi ndi kutalika kwa nsambo pa fureti ya 12.

Pamene mukufuna kutsetsereka dala

Sikuti kuyenda konse pa nsambo nkoipa. Kutsetsereka kochokera kumtunda kwa khosi kutsikira pa noti yoyamba ya kolasi kumadzutsa mpingo wonse, ndipo m'nyimbo zathu zovina kumakometsa kwambiri. Kusiyana kwake nkwakuti pamenepa chala chimakanikiza mokwanira ulendo wonse, kotero chimene chimamveka ndi noti ikuyenda, osati khungu likukwecha. Kokani nsambo kaye, kenako tsetserekani noti idakali yamphamvu, pa mnofu wofewa wa chala chapakati, mwa liwiro limodzi osaima panjira. Yambirani pa fureti ya 12 ya nsambo ya E pa kugunda kwachinayi, mufike pa G wa fureti yachitatu ndendende pamene ng'oma yaikulu ikugunda koyamba, ndipo chala chachikulu cha dzanja lokoka chikhale pa pickup, chamkombaphala cha pakhosi chikukhudza A, D ndi G kuti zisalowerere.